KHOSWE WA PA MKHATE: Akatolika ndi Mlandu wa Ansembe Oipitsa Ana

Makolo athu anati, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Munthu akaona khoswe pa mkhate anyamula ndodo, koma dzanja lace liima m'mwamba, pakuti aopa kuti akaphonya khoswe aswa mkhate. Mwambi umenewu timaunena pamene wolakwa ali mbale wathu, kapena munthu wokhala pa malo aulemu, kotero kuti kumlanga iye kuoneka ngati kunyoza malowo.

M'nkhani ino tifuna kuganizira khoswe wina amene anakhala pa mkhate waukulu ndithu. M'maiko ambiri zinaululika kuti ansembe ena a Mpingo wa Katolika anali kugwirira ana ndi kucita nao zonyansa. Anthu atamva izi anapfuula kuti ansembe otere aponyedwe m'ndende, ndi kuti akulu a Mpingo amene anawabisa alangidwe naonso. Tsono funso lathu ndi ili: kodi Mkatolika wokonda Mpingo wace ayankhe bwanji? Aime kumbuyo kwa ansembewo, kapena abvomerezane ndi ofuna cilango?

ZIMENE ZINACITIKA

Tiyambe tamva nkhani, pakuti mlandu saweruza asanaumve.

Ku America kuli mzinda wochedwa Boston. M'mwezi wa January 2002 nyuzipepala ya kumeneko, dzina lace The Boston Globe, inalemba za wansembe wina, John Geoghan. Anthu oposa 130 ananena kuti iye anawaipitsa ali ana, pa zaka ngati 30. Cimene cinapweteka anthu koposa ndi cakuti akulu ace anali kudziwa. Makolo akadandaula, akuluwo anali kumcotsa pa parishi imeneyo, nampatsa parishi ina kumene anthu sanali kudziwa kanthu, ndipo kumeneko anali kupeza ana ena. Geoghan analowa m'ndende caka comweco, ndipo m'mwezi wa December Kadinala Bernard Law, mkulu wa Mpingo ku Boston, anatula pansi udindo.

Maepiskopi a ku America anapempha akatswiri kuti awerenge milandu yonse. Mu 2004 akatswiriwo ananena kuti kuyambira 1950 kufikira 2002 ansembe 4,392 ananenezedwa ndi anthu 10,667. Ndiye kuti pa ansembe 100 ali onse, ngati 4 anali ndi cinenezo. Ku Ireland boma linaika bungwe lofufuza dayosizi ya Dublin. Dayosizi ndilo dera limene episkopi mmodzi ayang'anira. Mu 2009 bungwelo linanena kuti kwa zaka zambiri akulu a dayosiziyo anasamala kusunga cinsinsi, kupewa manyazi, ndi kuchinjiriza dzina ndi cuma ca Mpingo, koposa kusamala ana. Ku France bungwe lina linayerekeza mu 2021 kuti ana ngati 216,000 anaipitsidwa ndi ansembe ndi ena a m'zipani za Mpingo kuyambira 1950.

Powerenga manambala amenewa tisaiwale kuti nambala iri yonse ndi mwana wa munthu. Ambiri anali anyamata otumikira pa Misa, kapena ana a sukulu za Mpingo, amene makolo ao anawapereka kwa wansembe ndi mtima woyera. Ena poulula anadzudzulidwa kuti ali kunamizira munthu wa Mulungu. Ena anakhala cete zaka 20 kapena 30. Ena analowerera m'mowa, ena maukwati ao anatha, ndipo ena anadzipha.

"AWA NDI MAU A ADANI"

Akatolika ena pomva izi anayankha kuti, "Awa ndi mau a adani a Mpingo." Nzoona kuti alipo anthu odana ndi Mpingo amene anakondwera nayo nkhaniyi. Koma munthu wodana nawe akakuuza kuti denga lako lagwira moto, sufunsa za mtima wace. Uthamanga kukatunga madzi. Ndiponso odandaula ambiri anali ana a Mpingo womwewo, obatizidwa momwemo.

Papa Francis yemwe anaphunzira zimenezi. M'mwezi wa January 2018, ali pa ulendo ku Chile, anaikira kumbuyo episkopi wina, Juan Barros, amene anthu anamneneza kuti anabisa zoipa za wansembe Fernando Karadima. Papayo anati zonsezo nzonamizira. Koma pambuyo pace anatuma Arkiepiskopi Charles Scicluna kukamva mboni, ndipo atawerenga zimene anapeza, analemba kalata m'mwezi wa April kubvomera kuti analakwa kwakukulu. Anaitana ena mwa odandaulawo ku Rome, nawapepesa. M'mwezi wa May maepiskopi a ku Chile anampatsa makalata akuti ali okonzeka kutula pansi udindo. Ngati mtsogoleri wa Mpingo wonse anabweza mau ace atamva mboni, Mkatolika wamba alibe cifukwa cotsekera makutu.

Ena anena kuti, "Zotere zicitika ponse ponse, m'masukulu, m'mipingo ina, ndi m'mabanja momwe." Izinso nzoona. Koma wakuba mbuzi sangapulumuke pa bwalo ponena kuti m'mudzi wa patsidya mulinso akuba. Ndipo wansembe amene anthu amuchula Bambo, namuuza zinsinsi za mitima yao, mlandu wace ukula monga mwa kukula kwa cikhulupiriro cimene anapatsidwa.

KODI CIKHULULUKIRO CICOTSA CILANGO?

Tafika tsopano pa funso lolemera koposa onse. Mkristu wa mtima wabwino anganene kuti, "Mulungu akhululukira wocimwa ali yense wolapa. Nanga ife ndife yani kuti tifune ndende?" Mau amenewa sitiyenera kuwaseka, pakuti cifundo ndico mtima wa cikristu. Koma tiwayese bwino.

Mpingo wa Katolika womwe uphunzitsa kuti munthu wakuba mbuzi akapita kukalapa, ayenera kubweza mbuziyo, kapena kulipa mtengo wace. Cikhululukiro cicotsa chimo pamaso pa Mulungu, koma khola la mwini mbuzi likhalabe lopanda kanthu kufikira wakubayo atalipa. M'Malembo Oyera timawerenga za Zakeyo, wokhometsa msonkho, amene atalandira Yesu m'nyumba mwace analonjeza kubweza kanai zimene analanda anthu. Timawerenganso za mfumu Davide, amene Mulungu anamkhululukira chimo lace pa mkazi wa Uriya, komabe zowawa zocokera m'chimolo sizinacoke m'banja lace. Cotero munthu wolapa moona sathawa mlandu. Wansembe amene alira misozi kwa Mulungu, koma nakana kuonekera pa bwalo, kulapa kwace nkwa pakamwa cabe.

Caciwiri, tifunse kuti, mwini wa cikhululukiro ndani? Munthu akaba cimanga ca mnansi wanu, inu simungamuuze kuti, "Pita, mlandu watha," pakuti cimangaco si canu. Maepiskopi amene anacitira Geoghan cifundo anakhululuka ngongole ya eni ace, ndipo amene analipira cifundo cao anali ana a pa parishi yotsatira. Wolakwiridwa akafuna kukhululuka, adzatero pa nthawi yace. Kumkakamiza kuti akhululuke msanga kuti nkhani izizire ndiko kumpweteka kaciwiri.

Cacitatu, cilango ciri ndi nchito yochinjiriza amene sanapwetekedwe. Mungathe kumvera cisoni fisi wogwa m'mbuna, koma simumtulutsa kuti mukamgoneke m'khola la mbuzi. Anthu ambiri oipitsa ana abwereza mcitidwe wao akapeza mpata, cinkana analumbira kuti asiya. Kumcotsa munthu wotere pakati pa ana kucitira cifundo ana, ndiponso iye yemwe, pakuti kumletsa kuonjeza macimo.

Yesu mwini, amene anakhululukira acigololo ndi okhometsa msonkho, analankhula mau oopsa za munthu wolakwitsa ana: anati kukadakhala bwino kuti wotere amangiriridwe mphero m'khosi ndi kumizidwa m'nyanja. Za obisa zoipa, tikumbukire Eli, mkulu wa ansembe, amene analangidwa cifukwa anadziwa zonyansa za ana ace pa nyumba ya Mulungu koma sanawaletse kolimba. Papa Benedict XVI, m'kalata yace ya kwa Akatolika a ku Ireland mu 2010, anauza ansembe olakwawo kuti abvomere kulakwa kwao poyera, ndi kudzipereka ku cilungamo, koma asataye mtima pa cifundo ca Mulungu. Zinthu ziwirizi anaziika pamodzi, pakuti sizilimbana.

BWALO LA MPINGO NDI BWALO LA BOMA

Ena abvomera cilango, koma afuna kuti Mpingo uweruze wokha ana ace, monga banja likambira nkhani zace kuseri. Mpingo uli nalodi bwalo lace, ndipo ungathe kumletsa wansembe kucita Misa, kapena kumcotsa pa unsembe. Mu June 2002 maepiskopi a ku America anasonkhana ku Dallas, napangana kuti wansembe wopezeka ataipitsa mwana ngakhale kamodzi kokha asagwirenso nchito ya unsembe. Mu February 2019 Theodore McCarrick, amene kale anali Kadinala, anacotsedwa pa unsembe. Caka comweco Papa Francis anaika lamulo lakuti wansembe kapena sisitere wodziwa za mlandu wotere auze akulu a Mpingo, ndi kuti episkopi wobisa mlandu afufuzidwe nayenso. Lamulolo liletsa kutseka pakamwa munthu wodandaula, ndipo likhudza dayosizi iri yonse pa dziko lapansi, ya ku Malawi ndi ya ku Zambia yomwe.

Koma Mpingo ulibe apolisi ofufuza m'midzi, kapena ndende yosungiramo olakwa. Wansembe wobvulidwa mkanjo akhoza kupita ku mzinda wina, nakapeza nchito pa sukulu. Kuipitsa mwana ndi chimo pamaso pa Mulungu, ndiponso ndi mlandu pamaso pa boma, monga kupha munthu. Tsono mabwalo onse awiri ali ndi gawo lao. Ndipo zimene zinacitika ku Boston ndi ku Dublin zitionetsa kuti munthu saweruza bwino mlandu wa mbale wace, pakuti dzanja liima m'mwamba monga tanena paja.

NANGA ANSEMBE OSALAKWA?

Pali mantha ena oyenera kuwamva. Wansembe akhoza kunamiziridwa, ndipo bwalo la boma likhoza kuphonya. Ku Australia Kadinala George Pell anapezeka wolakwa mu 2018, nakhala m'ndende masiku oposa 400, koma mu April 2020 bwalo lalikulu la dzikolo linammasula, ponena kuti umboni sunali wokwanira. Cifukwa cace Mkatolika wobvomera cilango asabvomere cipwirikiti. Afune kuti mboni zimvedwe, wonenezedwa ayankhe, ndipo oweruza agamule. Kuponya miyala nyumba ya ansembe, kapena kunyoza wobvala mkanjo ali yense pa mseu, ndiko kuonjeza cosalungama pa cosalungama cinzace.

Tizindikirenso kuti bwalo la poyera ndilo bwenzi la wansembe wosalakwa. Ansembe ambiri sanacite zoipazi. Akhala moyo wao wonse ali kuphunzitsa, kuyendera odwala ndi kuika maliro. Koma nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Pamene olakwa abisidwa, anthu sadziwa woyera ndi wodetsedwa, ndipo akaikira onse. Wolakwa akachulidwa dzina ndi kucotsedwa, otsalawo ayenda momasuka.

COYENERA MKATOLIKA WAMBA

Tsono Mkatolika wamba acite ciani? Mwana akamuuza nkhani yotere, amumvere mofatsa, asamkalipire, ndipo asamuuze kuti akhale cete. Apite nayo nkhaniyo kwa apolisi, ndi kudziwitsanso episkopi. Koma asaganize kuti kuuza episkopi kokha kwakwanira. Asalandire ndalama kapena mphatso yakuti nkhani ithere m'nyumba, pakuti kutero ndiko kugulitsa mwana wa mnzace amene adzagwidwa mawa. Banja limene ladandaula asalisale ku chalichi kapena ku mphakati. Pa msonkhano wa parishi afunse mwaulemu kuti pali malamulo otani osunga ana, ndi kuti wansembe wacotsedwa mwadzidzidzi uja wapita kuti. Ndipo apempherere onse, olakwiridwa poyamba, kenaka olakwa, amene angathe kulapa ali m'ndende momwemo.

Akulu amene anabisa milandu anati ali kusunga mkhate. Koma taonani cimene cinatsatira. Dayosizi ya Boston inabvomera mu 2003 kulipira odandaula madola 85 miliyoni, ndipo madayosizi ena a ku America cuma cao cinatheratu. Ku Ireland, dziko limene kale linali kutumiza amishoni ku maiko ambiri, anthu oculuka analeka kupita ku Misa. Mbiri imene anafuna kuichinjiriza ndi cinsinsi inaonongeka ndi cinsinsi comweco, pakuti mlandu suola.

Munthu wanzeru akaona khoswe pa mkhate sangoima ndi ndodo m'manja kufikira dzuwa litalowa. Ayamba wamuingitsa pa mkhatepo, ndipo akatsika pansi athana naye, natsuka mkhate wace kuti ana amwemo madzi oyera. Comweco Mkatolika wokonda Mpingo wace akamva anthu ali kufuna cilango pa wansembe woipitsa mwana, ayenera kuyankha kuti, "Inde, mlandu upite ku bwalo, ndipo ngati ndidziwapo kanthu ndidzacitira umboni."