Mfundo 5 zimene mtunda wouma umatiphunzitsa

Kuchokera m'minda ya tiyi ya ku Makwasa, njira imadzera ku Thekerani n'kutsetserekera ku Muona, m'chigwa cha Shire. Kumtunda kuli chiperoni ndi mitsinje yosaphwa, kumunsi kuli dzuwa loswa mtengo ndi makwawa a mchenga wokhawokha. Woyenda wapansi ulendo wotere, katundu ali kumsana, amaphunzira izi.

1. Senza zokhazo zofunika. Dengu la tiyi limalemera, koma sikelo imakhala pafupi. Chikwama cha paulendo umachitula madzulo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, choncho wotenga malita 4 asiye nsapato zachiwiri, atenge chimanga chokazinga ndi mchere pang'ono. Ambirife timatopa ndi zinthu zimene palibe anatisenzetsa.

2. Chimene chachuluka kwanu, kwina n'chosowa. Wa ku Thyolo amataya madzi otsala m'kapu osaganiza kawiri. Kuchigwa, m'mwezi wa Okutobala, amaona amayi akufukula mchenga wa mumtsinje ndi manja, n'kumadikira kuti timadzi tidikhe asanatunge ndi chikho.

3. Liuma silifupikitsa mtunda. Nyamuka m'mbandakucha, dzuwa likafika paliwombo khala pansi pa bwemba, upitirize likapendeka. Thuza ulisamale likangoyamba kuwawa, pakuti likaphulika ndiwe wolemetsa anzako.

4. Usagone m'khwawa louma. Mchenga wake ndi wofewa, malo ake ndi osalala, koma madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa kumapiri a Thyolo usiku, kumunsi madzi amafika kuthambo kuli nyenyezi, atanyamula miyala ndi zitsa. Pamene pakukomera kwambiri, yamba wafunsa chifukwa chake eni dera sanamangepo.

5. Kuyenda awiri si mantha. Ku Namibia, ulendo wa m'chigwembe cha Fish River Canyon, kuchokera ku Hobas kukafika ku Ai-Ais, ndi wa makilomita pafupifupi 85 ndipo umatenga masiku 4 kapena 5. Amautsegula kuyambira Meyi mpaka Seputembala basi, ndipo salola gulu la anthu osakwana 3, kuti wina akathyoka mwendo, mmodzi amudikirire, wina akaitane thandizo. Nawonso Alhomwe amene anawoloka Ruo wapansi kuchokera ku Mozambique, kudzagwira ntchito m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje, ambiri ankabwera ndi mabanja awo, mayendedwe awo n'kumatengera mwana ndi nkhalamba. Ngati mwafika koma mnzanu mwamusiya m'njira, ulendowo simunauthe.