Mfundo Zofunika pa Ulendo wa Mayi Bertha Benz

Galimoto ya Benz ikadutsa mumsewu timaiyang'ana kawiri. Mabuku amati adaipanga ndi Carl Benz wa ku Germany, ndipo sakunama. Chimene amafulumira kudumpha ndi mkazi wake, Bertha, amene adabadwira ku Pforzheim mu 1849.

1. Ndalama zoyambira zili ndi mwini wake. Mu 1871, asanakwatirane n'komwe, Carl adali pa mavuto ndi mnzake wa bizinesi, August Ritter. Bertha adatenga gawo la chuma chimene makolo ake adamusungira cholowa nacho m'banja, n'kulipira mnzakeyo kuti achoke. Ntchito ya Carl idapulumukira pamenepo. Timakonda kutamanda nzeru, koma nzeru yopanda chogulira chitsulo imangothera m'mutu.

2. Lamulo nalo limatha kufufuta munthu. Atakwatiwa mu 1872, malamulo a nthawiyo sankalola mkazi wapabanja kuima payekha pa nkhani za chuma chotere. Chikalata cha umwini wa galimoto ya mawilo atatu imene Carl adapanga, cha pa 29 January 1886, chidatuluka m'dzina la Carl. Wolemba mbiri amene amangokhulupirira zikalata ndiye kuti akubwereza tsankho la amene adazilemba.

3. Chinthu chatsopano chimafuna wina wolimba mtima kuti achitulutse panja. Galimoto idalipo, koma anthu ankaiona ngati choseweretsa, ogula osabwera. M'mawa wina mu August 1888, Carl ali m'tulo, Bertha adanyamuka ku Mannheim ndi ana awo awiri, Eugen ndi Richard, kupita kwa mayi ake ku Pforzheim, mtunda wa makilomita pafupifupi 106. Palibe amene adayendapo mtunda wotere pa galimoto yoyendera mafuta. Malo omwetsera mafuta kunalibe, choncho adaima pa sitolo ya mankhwala ku Wiesloch n'kugula ligroin, mankhwala ochotsera zothimbirira pa zovala, amene injiniyo inkayendera. Paipi ya mafuta itatsekeka adaitokosa ndi phini wa chipewa chake. Waya atayamba kuvuta adamukulunga ndi lamba womangira sokosi. Mabuleki a thabwa ataperepeseka adapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Pa zitunda anyamatawo ankatsika n'kumakankha. Adafika kutada, n'kutumiza telegalamu kwa mwamuna wake. Inde, adachoka osatsanzika, ndipo ankhoswe akadamva akadakhala ndi mawu. Koma akadapempha chilolezo, kodi akadapita?

4. Woyesa chinthu ndi mmisiri ndithu. Atabwerera, adafotokoza zonse zimene zidavuta panjira, ndipo Carl adawonjezera giya yokwerera mapiri. Ntchito yoteroyo lero makampani a galimoto amailembera akatswiri n'kumawalipira.

5. Mlandu suli pa mwamuna nthawi zonse. Carl mwini wake, m'buku la moyo wake, adavomereza kuti mkazi wake ndiye adakhala naye pamene ena onse adamutaya. Amene adamuiwala ndi ife obwera pambuyo, okonda nkhani ya ngwazi imodzi chifukwa ndi yosavuta kuloweza pa mayeso. Chodabwitsa china, dzina la mkazi limene lili pa galimotozi, Mercedes, ndi la mwana wa Emil Jellinek, wamalonda amene ankagulitsa galimoto za kampani ina, ya Daimler. Kampani ya Daimler ndi ya Benz zidaphatikizana mu 1926. Mtsikana amene sadagwireko sipanala dzina lake lili ponseponse, pamene amene adayendetsa ulendo wautali woyamba uja ambiri sitimudziwa.

6. Ulemu wochedwa ndi wabwinobe, koma mwini wake saumva. Bertha adamwalira ku Ladenburg mu 1944 ali ndi zaka 95. Njira imene adadutsa idapatsidwa dzina lake mu 2008. Bungwe la Automotive Hall of Fame la ku America lidalemekeza Carl mu 1984, koma Bertha lidamukumbukira mu 2016, patapita zaka 32.

7. Inu bambo amene muli ndi chigayo, golosale kapena minibasi, kumbukirani kumene mpamba woyamba udachokera, ndi amene amawerengera ndalama usiku inu mutagona. Ngati ndi akazi anu, dzina lawo lilembedwe pa mapepala a bizinesiyo adakali moyo, ndipo ana adziwe.