Mwana Akalira Usiku, Udindo Ndi wa Yani?

KHUTBA YOYAMBA

Tikumutamanda Allah, Mlengi amene amaumba munthu m'mimba mwa mayi wake popanda womuthandiza, namukonzera chakudya pachifuwa cha mayiyo iye asanadziwe n'kupempha komwe. Tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko, ndipo tikuthawira kwa Iye ku zoipa za mitima yathu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mpaka tsiku la Qiyamah.

E inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale ndi alongo athu olemekezeka m'Chisilamu, m'mudzi mukagwa maliro palibe amene amafunsa kuti womwalirayo ndi mbale wa yani. Uthenga ukangomveka, anyamata amanyamula makasu kulowera kumanda, amayi amasenza nkhuni ndi ufa, akuluakulu amasonkha ndalama ya sanda, ndipo Janaza imaswalidwa mizere itadzaza. Zimenezi n'zabwino, Allah atilipire. Tinaphunzitsidwa kuti kusambitsa Msilamu, kumuveka, kumuswalira ndi kumuika m'manda ndi faradhi kifaaya: udindo umene ena akaukwaniritsa onse amapepukidwa, koma ukasiyidwa mudzi wonse umasenza tchimo. Phunziro limeneli tinaligwira bwino.

Koma tikadzalowanso kumanda tikayang'ane mitumbira. Ingati mwa iyo ili yaifupi, yosapitirira mikono iwiri? Ana amene agona m'menemo tinawapezera sanda dzuwa lisanapendeke. Nanga miyezi ija ankaonda, mayi awo akusowa wowaperekeza kuchipatala, ife tinali kuti? Funso limene tikudzifunsa lero ndi ili: mwana wamng'ono akadali moyo, kodi ndi katundu wa makolo ake okha, kapena ali ndi ufulu wake pa ife tonse?

Ambiri a ife timayankha kuti wobereka ndiye alere. Yankho limeneli lili ndi mbali yake yoona. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 233, Allah anaika zaka ziwiri zathunthu kukhala nyengo yoyamwitsa kwa amene akufuna kukwaniritsa, naika chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsayo pakhosi pa bambo wa mwana, monga mwa kupeza kwake. Mwamuna amene wathawa udindo umenewu alibe pobisala. Koma ndimeyo siithera pa bambo. Imaletsa kuti mayi kapena bambo azunzike chifukwa cha mwana wake, kenako imaika udindo womwewo pa mlowam'malo. Bambo akachoka, mbale ya mayi woyamwitsa siiloledwa kuuma. Wina ayenera kuimirira pamalopo.

Maulama a Fiqh anapitiriza pomwepo pokamba za mwana wotoledwa, amene makolo ake sakudziwika. Ambiri mwa iwo anagamula kuti kumutola ndi faradhi kifaaya, chimodzimodzi Janaza. Chakudya chake chimachokera m'thumba la Asilamu, Baitul Maal, ndipo ngati thumbalo palibe, udindo umagwera anthu opeza bwino a pamalopo. Ngati Shariah ikutero ndi mwana amene sitikudziwa ngakhale dzina lake, ingatikhululukire bwanji pa mwana amene tinadya nyama ya aqiqah yake?

Tikumbukire ubwana wa Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Bambo ake, Abdullah, anamwalira iye asanabadwe. Anayamwa bere la Halima wa fuko la Banu Sa'd, mayi wosauka wakumidzi. Mayi ake, Amina, anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo amene anamubweretsa ku Makka anali Ummu Ayman, mkazi wochokera ku Habasha, kuno ku Africa. Agogo ake, Abdul Muttalib, anamusunga mpaka ali ndi zaka 8, kenako Abu Talib, mbale wa bambo ake, anamutenga ngakhale anali ndi ana ambiri ndi chuma chochepa. Allah akadafuna akadamusungira makolo ake onse awiri. Koma wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse anakula podutsa m'manja ambiri, ndipo manja ena mwa amenewo sanali a magazi ake.

Atakula sanaiwale kulira kwa mwana. Imam Bukhari analandira Hadith yosonyeza kuti Mtumiki ankayamba Swala ali ndi cholinga choitalikitsa, koma akamva mwana akulira ankaifupikitsa, podziwa mmene mtima wa mayi wa mwanayo ukuvutikira. Taganizirani, abale athu: mizere yonse ya Maswahaba inkafupikitsiridwa Swala chifukwa cha khanda limodzi. Apa tikuphunziranso kuti amayi ankabwera ndi makanda awo kumzikiti wa Mtumiki, ndipo sankabwezedwa pakhomo.

Olemba mbiri anasunganso nkhani ya Khalifa Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, amene analamulira kuyambira chaka cha 634 mpaka 644. Usiku wina ku Madina kunafika amalonda apaulendo, ndipo Umar ndi Abdurrahman bin Auf anachezera kuwalondera. Umar anamva mwana akulira, napita kukachenjeza mayi wake kuti amusamale. Kulirako sikunaleke, iye anabwererakonso, ndipo chakumapeto kwa usiku anamudzudzula mayiyo kolimba. Mayiyo, posadziwa amene akulankhula naye, anaulula kuti akumuletsa mwanayo kuyamwa nthawi isanakwane, chifukwa Umar amapereka ndalama ya m'thumba la Asilamu kwa ana okhawo amene asiya bere. M'mawa Umar anatsogolera Swala ya Fajr akulira mwakuti anthu sankamva bwino zimene ankawerenga. Atamaliza analengeza kuti anthu asafulumire kuletsa ana kuyamwa, popeza kuyambira tsiku limenelo mwana aliyense adzalandira gawo lake akangobadwa, ndipo analembera uthengawo kumadera onse.

Poyamba Umar anaona mayi wosasamala. Atafunsa, anapeza kuti chimene chinkamuliza mwanayo ndi lamulo lake lomwe. Ifenso timafulumira kunena kuti mtsikana uje sadziwa kulera, mnyamata uje ndi waulesi. Tinayamba tafunsapo chimene chili kuseri kwa kulirako? Mwina ndi mwamuna amene anapita ku Joni kapena kumigodi ya ku Moatize, ndipo foni yake inaleka kulira. Mwina ndi msodzi wachinyamata amene amachezera panyanja, usipa wonse n'kuthera ku ngongole ya mwini bwato. Mwinanso ndi mtsikana amene ife tomwe tinamukwatitsa akadali mwana, lero tikudabwa kuti akulephera kulera mwana mnzake.

Zaka ziwiri zimene Qur'an inatchula ndi zomwenso azaumoyo akuzitsindika lero. Iwo amawerenga masiku 1,000 kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo amati m'nyengo imeneyi ubongo ndi thupi zimakula mofulumira kwambiri, kotero kuti chimene chasowa pamenepo chimavuta kuchibwezera pambuyo pake. Amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kuonjezera zakudya zina uku bere likupitirira mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu la Mozambique wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana pafupifupi 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Makolo athu anati mmera m'poyamba. Mwana amene tikufuna kuti mawa adzasunge Qur'an pamtima, ubongo wake ukumangidwa lero ndi phala limene akudya kapena kulisowa.

Wina anganene kuti imfa ndi matenda ndi chikonzero cha Allah. Zoona, palibe mzimu umene umachoka nthawi yake isanakwane. Koma pa tsiku la Qiyamah sitidzafunsidwa za chikonzero chimene sitinachidziwe. Tidzafunsidwa za mbale ya ufa imene inali m'manja mwathu. Winanso anganene kuti tonse ndife osauka. Nayenso akunena zoona, koma umphawi womwewo sunatiletsepo kusonkha za maliro. Wachitatu angaope kuti thandizo lidzalimbikitsa ulesi ndi chiwerewere. Ameneyu akumbuke kuti Qur'an inatiphunzitsa kuti palibe wosenza tchimo la mnzake. Kholo lolakwa lilangizidwe, ndipo bambo wothawa aitanidwe pamaso pa akuluakulu, koma khanda silingadikire kuti mlandu wa makolo ake uthe kenako lidye.

Tikunena mawu awa uku tikumupempha Allah chikhululuko, chathu ndi chanu. Mupempheni, ndithu Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa n'kwa Allah chifukwa cha ubwino Wake, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo athu, Surah Al-Ma'un imadzudzula munthu wokankha mwana wamasiye, imadzudzulanso wosalimbikitsa ena kudyetsa wosauka, ndipo pomwepo imachenjeza anthu oswali amene amanyozera Swala zawo ndi kumana anzawo zithandizo zazing'ono. Choncho ngakhale amene alibe choti apereke ali ndi gawo lake: pakamwa pake pakumbutse ena.

Boma lili ndi mbali yake. Mu 2018 linayamba kuyesa, m'madera ena a chigawo cha Nampula, thandizo la mametikali 540 pamwezi kwa ana osakwana zaka ziwiri, maganizo ofanana ndi amene Umar anawafika usiku uja. Koma dzanja la boma silinafike pakhomo lililonse, pamene mzikiti uli pakati pa mudzi, ndipo timakumanamo kasanu patsiku.

Tiyambe ndi kudziwana. Komiti ya mzikiti, mothandizana ndi amayi achikulire, idziwe nyumba zimene muli mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka ziwiri. Pa nthawi yokolola, banja lililonse lipatule mbale ya chimanga, ya mtedza kapena ya nyemba, ndipo asodzi apatule kambale ka usipa wouma, kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ikadzafika nkhokwe zitapepuka, phala la nsinjiro lisadzasowe kwa ana amenewa. Pambali pa thumba la maliro pakhale thumba la mafuta a njinga yamoto, kuti mayi akayamba kumva zowawa usiku asadikire kucha. Amene amakhala kutali ndi chipatala tiwathandize kupita msanga kunyumba yodikirira amayi oyembekezera, ndipo ena atsale akusamala ana ndi munda wawo.

Inu amayi athu, mtsikana akatuluka m'chikuta musamusiye yekha. Mutungireni madzi, mumuphikire, mumuphunzitse mofatsa. Inu abambo achinyamata, kuperekeza mkazi kusikelo, kuonetsetsa kuti mwana walandira katemera, wagona m'neti ndipo walembetsedwa kuboma, si manyazi. Mtumiki ankaswali atanyamula mdzukulu wake Umama, akamagwetsa nkhope pansi n'kumuika pansi, akamaimirira n'kumunyamulanso. Lankhulani ndi ana anu, sewerani nawo, apsompsoneni. Inu eni mbumba ndi amalume, dziwani kuti lamulo la dziko lino la chaka cha 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ife oyendetsa Nikaah tisakhale khomo lodutsira zimene zikuwononga ana athu. Khonde la madrasa limakhala lopanda anthu m'mawa. Likhoza kukhala malo amene ana aang'ono amasewera ndi kulandira phala amayi awo ali kumunda.

Pochita zonsezi tisunge ulemu wa olandira. Qur'an inachenjeza kuti kukumbutsa munthu zimene tinamupatsa ndi kumunyoza kumafafaniza malipiro a sadaka. Ufa ulowe pakhomo mwakachetechete, dzina la banjalo lisalengezedwe pamsonkhano. Mwambi wathu umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Msilamu amalera ngakhale mwana amene sadzadya naye, pakuti malipiro ake ali kwa Allah.

Tikatuluka muno, aliyense wa ife akumbukire nyumba imodzi imene amamva kulira kwa khanda akamadutsa popita ku Swala ya Fajr, ndipo Jumu'ah ikubwerayi isafike asanagogode pakhomopo.

E Allah, tetezani ana athu ku njala ndi matenda. Apepukitsireni amayi oyembekezera pa tsiku lawo lobereka. Tsekulirani rizq mabanja achinyamata, ndipo bwezani mitima ya abambo amene anaiwala makomo awo. Achitireni chifundo makolo athu monga anatilera tili aang'ono, ndipo limbitsani mitima ya amene anaika ana awo m'manda. Tipatseni mtendere m'dziko lathu la Mozambique, ndipo musatilange chifukwa cha ana amene tinawanyozera. Ameen.

Imirirani tiimike Swala, Allah akuchitireni chifundo.