Kodi Mau a pa Foni Ayenera Kusungidwa?

Mwezi wathawu tinapita kukakhuza maliro m'mudzi wina kuno kwa Kaphuka. Mnyamata wa m'mudzimo anamwalira ku Johannesburg, kumene anagwira nchito zaka zingapo. Masiku onsewo sanalembe kalata ngakhale imodzi, pakuti analankhula ndi amai ace pa WhatsApp, natumiza mau ace, zithunzi, ndi malangizo a kamangidwe ka nyumba. Koma foni ya amaiwo inagwa m'citsime ca kudimba mwana asanamwalire, ndipo zonse zinapita nayo. Pa siwa pomwepo mkulu wina anatiuza kuti ali nao makalata atatu m'bokosi la citsulo, amene atate ace analemba ali ku migodi masiku a Wenela. Tinabwerera tiri ozizwa. Atate aja, amene anadziwa kulemba pang'ono pokha, alankhulabe kwa adzukulu ao. Mnyamata wophunzira, wolemba tsiku ndi tsiku, watonthola.

Ena adzati, Nanga za pa foni nzosunga? Si maceza cabe kodi? Tibvomera kuti mankhusu ngocuruka. Koma ndani adziwa lero cimene adzukulu adzacifuna? Anthu amene anajambula pa miyala ya Chongoni, Akafula poyamba ndi Acewa pambuyo pace, sanaganizira za ife konse. Ena mwa iwo anali amai olangiza anamwali ao basi. Tsopano malo 127 a zojambulazo awerengedwa, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawayesa cuma ca dziko lonse lapansi. Mwala unasunga cifukwa suola.

Pepala silitero. M'caka ca 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za boma la Atsamunda anasanduka phulusa. Nyumba yosungiramo makalata akale inatsegulidwa mumzinda womwewo mu 1947. Koma m'nyumba zotere mucuruka mau a olamulira, a mabwana ndi a alembi ao. Mau a mlimi wodandaula mtengo wa feteleza, kapena a mai wofunafuna mwana wace pa Facebook pamene namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, mudzawapeza kuti? Ciyambire, Cicewa cathu sicinalembedwe ndi manja ambiri monga lero lino, ndi miyambi yace, nthabwala zace, ndi kalankhulidwe ka mudzi ndi mudzi. Tsono cimanga conseci taciika m'nkhokwe ya mlendo.

Mlendoyo akhoza kupasula nkhokwe yace tsiku liri lonse osatifunsa. Mu 2009 eni ace a GeoCities anatseka malo amene anthu miyanda analembamo. Mu 2019 a MySpace anaulula kuti nyimbo mamiliyoni ambiri, zimene oyimba anaika kwa iwo caka ca 2016 cisanafike, zinatayika pozisamutsa. Alipo anthu okoma mtima a Internet Archive ku San Francisco, amene ayesetsa kututa masamba a pa intaneti kuyambira 1996. Koma iwo sangathe kulowa m'foni ya mai wa kwa Kaphuka. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Komatu pali cina cimene citibvuta mumtima, ndipo sitifuna kucibisa. Kusunga konse sikuli kwabwino ai. Taona anthu akujambula mau amene mnzao analemba atapsa mtima usiku, nawasunga zaka ziwiri, nawaturutsa pa bwalo la ankhoswe, mlandu utatha kale ndi nkhuku itadyedwa. Kale mau oipa anauluka ndi mphepo, ndipo kuiwala kunathandiza anthu kukhululukirana ndi kukhalanso pamodzi. Lero mtsikana amene analemba copusa ali mwana adzakumana naco tsiku la cinkhoswe cace. Wosunga wotere sasunga mbeu, asunga mubvi. Ife tiyesa kuti munthu asanasunge mau a mnzace ayenera kudzifunsa: Kodi mwini mauwa akadziwa adzakondwera, kapena adzacita manthu? Mau olembera anthu onse, monga a nduna ndi a aphungu olonjeza milatho, asungidwe ndithu ngakhale eni ace asafune, pakuti anawanena pa bwalo. Mau a m'nyumba ali ndi mwini, ndipo apemphedwe.

Nchito yace siifuna ndalama zambiri. Mwana wa sukulu akhoza kukopera m'kabuku uthenga wa atate ace, nalembapo tsiku ndi caka. Zithunzi zingapo zitsukidwe pa pepala ku boma la Dedza. Mau olankhula atumizidwe ku mafoni a abale awiri kapena atatu, kuti imodzi ikafa ina itsale.

Maliro atatha, mlongo wace wa malemu uja analembera anzace a ku Johannesburg, kuwapempha ciri conse ca mbale wace. Anapeza mauthenga awiri okha olankhula. Mu umodzi mnyamatayo afunsa ngati mbatata yakacewere yakumbidwa, naseka. Amai ace aumvera madzulo ali onse, pa foni yobwereka.