Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu a m'madambo a mtsinje wa Sepik ku Papua New Guinea, amene moyo wawo watsamira pa mtengo wa sago, angawavomereze mawuwa ndi mtima wonse. Pakuti mtengowu, umene uchita maluwa kamodzi kokha n'kufa, ukundika ufa m'thunthu mwake zaka 7 kufikira 15, ndipo iye wougwetsa usanakhwime adzimana yekha chakudya. Komatu kudekha si tulo ayi: ukauleka ubale zipatso, ufawo uthera m'zipatsomo. Chifukwa chake mwini wake auyang'anira, naugwetsa maluwa ali pafupi kutuluka, naswa thunthulo, nasinja za m'kati mwake, nazifinya m'madzi kufikira ufa utadikha pansi.