KODI MLENDO WALIWIRO AONA DZIKO?

Masiku ano m'misewu ya Zambia mumapita anyamata ndi atsikana obereka zikwama zazikuru kumsana. Ena acokera kutsidya la nyanja, ena ndi ana a dziko lomweli amene atsiriza sukulu. Ambiri ali ndi milungu itatu yokha ndi ndalama zowerengeka, koma mtima wao ufuna kuona dziko lonse. Nanga munthu wotere acita bwino kuthamangira malo ambiri, kapena kukhazikika pa malo ocepa ndi kuwadziwa?

Poyamba adziwe kukula kwa cimene acifuna. Zambia ali ndi zigawo 10, ndi mitundu ya anthu imene amaiwerenga 73. Kucokera ku Livingstone kufika ku Mpulungu, pa gombe la nyanja ya Tanganyika, msewu upitirira makilomita 1,400. Wofuna kuponda zigawo zonse m'masiku 21 ali ndi masiku awiri okha pa cigawo ciri conse, ndipo ambiri a masikuwo adzathera pa mpando wa basi.

Koma bvuto loposa mtunda ndilo nyengo, pakuti zokoma za dziko sizikhala pamodzi monga katundu wa m'sitolo. Angoni acita Nc'wala ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa February, pamene mfumu Mpezeni ilawa zakumunda zoyamba. Kuomboka kwa Alozi kuyembekeza madzi: Litunga sacoka ku Lealui kunka ku Limulunga m'bwato lace la Nalikwanda kufikira Zambezi atasefukira m'cigwa, mu March kapena April, ndipo caka ca mvula yocepa mwambowo ukhoza kulephereka. Mutomboko wa Mwata Kazembe uli mu July. Kulamba kwa Acewa ku Mkaika kuli mu August. Mileme yosawerengeka isonkhana m'nkhalango ya Kasanka mu November, koma mwezi womwewo wopita ku Mosi-oa-Tunya apeza madzi atacepa ndi matanthwe ambiri ali poyera, cifukwa mathithiwo adzala mu April. Palibe liwiro limene lingalowetse miyezi yonseyi m'milungu itatu. Akulu anaciona kale pamene anati, mapanga awiri abvumbwitsa.

Komabe wothamanga ali ndi mau ace. Iye ati, "Kapena sindidzapezanso mwai wotere, kulawa pang'ono kuposa kusalawa konse." Mau awa si opusa ai. Mnyamata amene sanatulukepo m'boma la kwao, akangoona pa zenera ng'ombe za Atonga, kapena akadya nsima ya cinangwa ku Luapula, waphunzira kuti dziko silithera pa mtsinje wa kwao.

Kulakwa kwace kudza pobwerera. Afika kumudzi nayamba kuweruza kuti Alozi ali otere, Abemba ali otere, pamene wa mtunduwo amene analankhula naye ndi wogulitsa nthoci pa siteshoni yekha. Amene sanayende amkhulupirira, cifukwa ati anaona ndi maso. Motero ulendo umene ukadacotsa tsankho ndiwo ulibzala, ndipo m'dziko la mitundu yambiri mbeu yotere iri yoopsa.

Palinso mangawa amene mlendo ali nao kwa eni dziko. Wothamanga afika pamudzi, ajambula zithunzi, nacoka asanapereke moni, monga ngati anthu ndi nyama za ku Luangwa. Zoona, mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mame sacoka osasiya cinyezi pa udzu. Mlendo amene sasiya ngakhale dzina lace wadya za eni ace osalipira.

Cotero munthu wa nthawi yocepa asankhe zigawo ziwiri kapena zitatu zoyenera mwezi wace, ndipo zotsalazo azileke ndi mtima woyera. Agone masiku anai pa malo amodzi, aphunzire moni wa kumeneko, adye cimene eni ace adya, afunse koposa kunena; pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo pobwerera, anzace akamfunsa za dziko, ayankhe moona kuti, "Ku Mongu ndinakhalako, ku Kasama ndinangopitirira, ku Solwezi sindinafike." Yankho lotere liri lalifupi, koma womva akhoza kulidalira pokonza ulendo wace.