Zikomo wa M'thumba

Munthu akakutumikira bwino, kodi zikomo wapakamwa amakwana, kapena mpaka upise m'thumba? Funsoli limaoneka lachibwana ukakhala kwanu, koma limakula ukangodutsa malire, pakuti dziko lililonse lili ndi yankho lake.

Ku Japan, ukadya m'lesitanti n'kusiya ndalama patebulo, woperekera zakudya akhoza kukuthamangira kuti akubwezere, poganiza kuti waiwala. Kumeneko ulemu kwa mlendo ndi mbali ya ntchito imene walipira kale. Ku France gawo la wotumikira limakhala litalowa kale mu bilu, ndipo amene wakondwa amangosiyako tindalama tochepa. Ku South Africa wodya amaonjezera 10 kapena 15 pa 100 iliyonse, ndipo othira mafuta ndi olondera galimoto nawonso amayembekezera kangachepe.

Koma kumene nkhaniyi imandisautsa mtima ndi ku America. Lamulo la dziko lonselo limalola mwini lesitanti kulipira woperekera zakudya $2.13 pa ola, ndalama imene sinasinthe chiyambire 1991, pomwe malipiro otsikitsitsa a antchito ena ndi $7.25 kuyambira 2009. Lamulo limati zosiyidwa ndi odya zikapanda kukwanitsa $7.25, bwana aonjezere. Madera ena, monga California, amalamula kuti wantchito alandire malipiro athunthu. Komabe m'madera ambiri wotumikira amadalira 15 mpaka 20 pa 100 imene wodya amasiya. Mwambowu unazika mizu ukapolo utatha mu 1865, pamene akuda ambiri ankalembedwa ntchito m'malesitanti ndi m'sitima zapamtunda za kampani ya Pullman pa malipiro ochepa, zotsalazo n'kumaziyembekezera kwa apaulendo.

Tsono ndalama yotereyi tiitche chiyani? Ine ndikukana kuitcha mphatso. Mphatso imachokera mumtima waufulu, monga mmene mayi wogulitsa tomato pamsika amakuikira basela popanda womukakamiza. Chimene wantchito sangagule chakudya popanda icho ndi malipiro, ndipo malipiro ndi udindo wa wolemba ntchito. Mwini lesitanti akatula udindowu pamutu pa mlendo, wantchito amasanduka wopempha. Amasekerera ngakhale womunyoza, chifukwa lendi yake ili m'thumba mwa wamwanoyo.

Ena anganene kuti mlendo amene waona chinyengochi angokana kupereka. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Ukamana woperekera zakudya wa ku New York, mwini lesitanti samvako kuwawa. Amene amapita kunyumba chimanjamanja ndi uja wakhala chiimire tsiku lonse. Kulanga wofooka pofuna kudzudzula wamphamvu si chilungamo ayi. Chimodzimodzinso, kuumiriza ndalama pa munthu wa ku Tokyo amene sakuifuna si kuwolowa manja. Ndi kumuuza kuti ulemu wake uli ndi mtengo.

Pali malire enanso ofunika kuwadziwa. Zikomo amabwera ntchito itatha, ndipo sasintha zimene umayenera kulandira. Ndalama yoperekedwa ntchito isanachitike, kuti ulumphe mzere kapena kuti wa pachipata atsinzine, ndi chiphuphu basi, ngakhale tiikometse ndi dzina loti "ya fanta".

Choncho wapaulendo afunse mwambo wa kumene akupita, osati poopa manyazi okha, koma kuti adziwe amene avutike akalakwitsa. Kumene wantchito amadyera m'dzanja la mlendo, apereke mokwanira monga wobweza ngongole, osadzitama. Kumene wantchito amalipidwa mokwanira, abweze dzanja m'thumba, amuyang'ane munthuyo kumaso n'kumuthokoza. Mwa awiriwa, amene ulemu wake wasungika ndi wachiwiriyu.